Benjamini: Mwana wa Mayina Awiri

Dzina loti Benjamini si lachilendo kwathu kuno. Timalimva ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka komwe. Ena amalidula n'kumati Benja, ena amati Beni. Koma mutafunsa eni ake kuti, "Kodi dzina lanuli litanthauzanji?" ambiri angakuyankheni kuti, "Kaya, ndi la m'Baibulo basi."

Likakhala dzina la Chichewa, monga Limbani kapena Madalitso, sitivutika. Tikangolimva tadziwa kale zimene makolo ankaganiza tsiku lomutcha mwanayo. Dzina la Benjamini nalonso lili ndi tanthauzo, kungoti ndi la chinenero cha Chihebri. Ndiponso mwini wake woyamba sadayambe ndi dzina limeneli ayi. Adali ndi lina.

Tiyeni tiliwerenge pang'onopang'ono: Be-nja-mi-ni.

Mkamwini wa kwa Labani

Nkhani yake ili m'buku la Genesis. Yakobo adathawa kwawo ku Kanani atayambana ndi mkulu wake Esau. Adakafika ku Harani, kwa malume ake a Labani. Kumeneko adakonda msuweni wake Rakele. Ife izi sitingadabwe nazo, pakuti kale ukwati wa pachisuweni udali wololedwa kwathu kuno.

Yakobo adavomera kugwira ntchito zaka 7 kuti akwatire Rakele. Zakazo zitatha, a Labani adachita chinyengo. Usiku wa ukwati adampatsa Leya, mkulu wake wa Rakele. Yakobo adapirira, nagwiranso zaka zina 7. Pambuyo pake adaweta ziweto zaka 6. Zonse pamodzi zidakwana zaka 20 ali pachikamwini. Akamwini amene mumadandaula ndi zaka ziwiri zolimira apongozi, mwamva?

Leya adabereka ana ambiri, koma Rakele adakhala nthawi yaitali wopanda mwana. Mukudziwa m'mene zimawawira pa mitala, mnzako akubereka iwe uli chimanjamanja. Patapita nthawi Rakele adaona mwana wamwamuna. Adamutcha Yosefe, ndiye kuti "awonjezere". Mayiyo ankapempha kuti Mulungu amuwonjezere mwana wina.

Potsiriza Yakobo adatenga akazi ake, ana ake ndi ziweto zake, nachoka osatsazika. Tinene kuti chidali chitengwa chosapempha.

Adabadwira panjira

Ali ku Kanani, Rakele adakhalanso ndi pakati. Tsiku lina banja lonse lidanyamuka ku Beteli kulowera ku Efurata, kumene ndi ku Betelehemu. Asanafike, matenda a Rakele adayamba. Padalibe chipatala, padalibe mudzi wa amayi ake. Padali mzamba yekha. Zinthu zidavuta kwambiri. Mzambayo adayesa kumulimbitsa mtima pomuuza kuti wabadwayo ndi mwamunanso. Mwana uja adapempha adabwera ndithu, koma mayi sadachire.

Akuluakulu sadaname potchula mayi woyembekezera kuti "wapakati". Amakhala pakati pa moyo ndi imfa.

Rakele akutsirizika, adatcha mwanayo dzina loti Benoni. M'Chihebri *ben* ndi mwana wamwamuna. *Oni* ndi "chisoni changa" kapena "vuto langa". Choncho Benoni ndi "mwana wa chisoni changa". Awa ndiwo adali mawu ake otsiriza amene timawamva. Adamuika m'mbali mwa njira momwemo, ndipo Yakobo adaimika mwala pamanda pake.

Koma Yakobo sadalole kuti dzina lija likhale. Iye adati mwanayo akhale Benjamini. *Ben* ndi yemwe uja, mwana. *Yamin* ndi dzanja lamanja. Benjamini ndi "mwana wa dzanja lamanja". Zonsezi mungaziwerenge pa Genesis mutu 35, kuyambira ndime 16 mpaka 20.

Kuti musaiwale, onani *nja* ali pakati pa dzinalo. Be-*nja*-mini, dza-*nja*, lama-*nja*. Izi zangokumana chabe, pakuti Chihebri ndi Chichewa si pachibale. Koma zithandiza kukumbukira.

Ndani adakhoza, mayi kapena bambo?

Apa tiyeni tikhalepo pang'ono, chifukwa nkhaniyi ndi yathu.

Nafenso tili ndi a Benoni ambiri m'midzi mwathu. Tili ndi a Mavuto, a Masautso, a Misozi, a Tsoka, a Maliro, a Ndaziona. Mayina otere sabwera chabe. Mwina mwana adabadwa chaka cha njala. Mwina adabadwa pali maliro pamudzi. Mwina mayi adataya ana awiri kapena atatu otsogola, ndiye pobadwa uyu mtima udali utatha kale. Mwinanso dzinalo ndi mawu opita kwa munthu wina: kwa mwamuna amene adathawa mimba, kwa apongozi olongolola, kwa mkazi mnzake wa pamitala. Mayi amene sakadatha kuyankhula pabwalo ankayankhula kudzera m'dzina la mwana. Mudzi wonse unkamva, ndipo wolakwayo ankamva tsiku ndi tsiku mwana akamaitanidwa.

Tsono tisafulumire kunena kuti Rakele adalakwa. Iye adanena zoona. Ululu udali wake, moyo umene unkatha udali wake. Ndipo wolemba buku la Genesis sadafute dzina lija. Adalisunga, kotero kuti mpaka lero tikulidziwa.

Koma taganizirani za mwanayo. Iye sadalakwe kanthu. Akadakhala Benoni, bwenzi m'mawa uliwonse akumva kuti, "Iwe mwana wa chisoni, kadzutse mbuzi." Bwenzi abale ake pokangana akumukumbutsa kuti kubadwa kwake ndiko kudatenga amayi ake. Nayenso Yakobo, amene adagwira zaka 14 chifukwa cha Rakele, bwenzi chilonda chake chikutukusidwa nthawi zonse poitana mwana wake. Dzina amatcha ndi akulu tsiku limodzi, koma wolisenza ndi mwana, kufikira imvi.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti Yakobo adachita mwanzeru. Taonani kuti sadataye dzina lonse. Theka loyamba, *ben*, adalisiya monga adatchulira Rakele. Adangosintha theka lachiwiri. Pamene padali chisoni adaikapo dzanja lamanja.

Nanga dzanja lamanja lili ndi ulemu wanji? Funsani mwana aliyense wa kuno. Ndilo dzanja lodyera nsima. Ndilo lopatsira moni. Ndilo lolandirira mphatso kwa akulu, lamanzere litagwirizira. Kwa Ahebri kudalinso chimodzimodzi. Dzanja lamanja lidali la mphamvu ndi la madalitso. Podalitsa mwana wofunika ankamusanjika dzanja lamanja pamutu. Mlendo wolemekezeka ankakhala kudzanja lamanja la mfumu. Yakobo potcha dzinali ankati: uyu si tsoka langa, uyu ndi wokhala pambali panga, ndodo ya ukalamba wanga.

Kusintha dzina si chinthu chachilendo kwa ife. Mwana akatuluka m'chikuta amapatsidwa dzina. Akakula n'kulowa chinamwali, kaya kudambwe, amalandira lina, ndipo kumutchula dzina la paubwana kumakhala kumunyoza. Pa ubatizo ambiri amalandiranso lina. Choncho ngati pakhomo panu pali mwana amene dzina lake limamulemera, mwambo sukuletsani kukhala pansi ndi amene adamutcha n'kukambirana. Chofunika ndi ulemu, chifukwa mwini dzina ali ndi mbali yake pa mwanayo.

Dzanja lamanja ndi kum'mwera

Dzinali lili ndi tanthauzo linanso lachiwiri. Kuti mulimvetse, muchite izi mawa m'mamawa. Muime pabwalo pa Mua, muyang'ane kunyanja kumene dzuwa limatulukira. Mapiri a Dedza akhala kumbuyo kwanu. Tsono mutambasule manja onse awiri. Dzanja lamanzere liloza ku Mtakataka, ku Chipoka mpaka ku Salima. Dzanja lamanja liloza ku Golomoti mpaka ku Balaka. Kumeneko ndiko kum'mwera.

Ahebri ankatchula mbali za dziko mwa njira imeneyi. Ankayang'ana kotulukira dzuwa. Kum'mawa ankati kutsogolo, kumadzulo ankati kumbuyo, kumpoto ankati kumanzere, kum'mwera ankati kumanja. Ife tidatengera mphepo. Asodzi amaidziwa bwino mwera, mphepo yovundula nyanja m'miyezi yozizira, ndiponso mpoto, vuma ndi zambwe. Ndimo mudachokera mawu oti kum'mwera, kumpoto, kuvuma ndi kuzambwe. Anzathuwo adatengera manja awo.

Motero Benjamini angatanthauzenso "mwana wa kum'mwera". Izi zikugwirizana ndi nkhani ija. Abale ake onse adabadwira kumpoto, kwa a Labani. Iye yekha ndiye adabadwira ku Kanani. Ndipo patsogolo pake, zidzukulu zake zidakhala kum'mwera kwa zidzukulu za Yosefe.

Katchulidwe kotere n'kakalekale. M'chaka cha 1933 akatswiri a ku France adayamba kukumba mabwinja a mzinda wa Mari, m'mbali mwa mtsinje wa Firate, m'dziko la Syria. Adapeza mapale adothi zikwizikwi olembedwa mawu, a zaka pafupifupi 1,800 Yesu asanabadwe. M'mapalemo mukutchulidwa abusa ena otchedwa Banu-yamina, ndiye kuti "ana a kum'mwera", ndi anzawo otchedwa "ana a kumpoto". Akatswiri ambiri amatinso dzina la dziko la Yemen, limene lili kum'mwera kwenikweni kwa Arabia, lidachokera ku liwu lomweli la dzanja lamanja. Kutcha mtundu wa anthu potengera kumene akukhala nafenso timachita. Anyanja ndi anthu a kunyanja. Achipeta ndi anthu a m'chipeta, dziko la udzu wautali.

Ngakhale *ben* uja timamudziwa. M'Chiarabu ndi m'Chiswahili amati *bin*. Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota adali Salim bin Abdallah, ndiye kuti Salim mwana wa Abdallah.

Dzina la munthu lisanduka dzina la fuko

Ana aamuna a Yakobo adalipo 12. Werengani mayina awo mokweza: Rubeni, Simeoni, Levi, Yuda, Dani, Nafitali, Gadi, Aseri, Isakara, Zebuloni, Yosefe, Benjamini. Benjamini ndiye adali mzime.

Bambo ake ankamukonda koposa, makamaka Yosefe atasowa. Pa nthawi ya njala, abale ake popita ku Ejipito kukagula tirigu, Yakobo adakaniza Benjamini. Adamulola pa ulendo wachiwiri, njala itafika posauzana. Yosefe, amene tsopano adali nduna yaikulu, ataona mng'ono wake wa bere limodzi adakalirira kuchipinda. Pa chakudya, mbale ya Benjamini idaposa za anzake kasanu.

Mafuko a Aisraeli adatchedwa mayina a ana amenewa ndi a ana awiri a Yosefe, Efuremu ndi Manase. Monga tinena kuti "kwa Kachindamoto" potchula dziko lonse la mfumuyo, iwonso ankati "kwa Benjamini", ndipo anthu ake adali "ana a Benjamini" kapena Abenjamini. Fuko ankatengera kuchimuna, monga achitira Angoni ndi ziwongo zawo za Jere kapena Maseko. Pachichewa mukudziwa kuti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume.

Dziko la Abenjamini lidali laling'ono, lopanikizika pakati pa mafuko awiri amphamvu: Efuremu kumpoto, Yuda kum'mwera. Mudali midzi monga Yeriko, Gibiyoni, Rama ndi Gibeya, ndipo Yerusalemu adali m'malire mwawo ndi Yuda. Anthu okhala pampanipani wotere amaphunzira nkhondo. Yakobo podalitsa ana ake asanafe adafanizira Benjamini ndi mmbulu wolusa. Kamwana kamasiye kaja!

Tsono imvani chodabwitsa. Fuko la "dzanja lamanja" lidatchuka ndi anthu amanzere. Buku la Oweruza, mutu 3, likusimba za Ehudi, Mbenjamini wamanzere. Aisraeli adali atazunzidwa zaka 18 ndi Egiloni mfumu ya Amowabu. Ehudi adabisa lupanga lake pantchafu ya kumanja, kumene munthu wamba saika chida. Adalowa nalo kwa mfumu, naipha, naombola anthu ake. Pa mutu 20 timamvanso za asilikali 700 amanzere a fuko lomweli. Iwowa ankaponya miyala ndi gulaye, ndipo ankatha kulasa tsitsi limodzi osaphonya. Makolo amene mumamenya mwana kadzanja chifukwa wagwira pensulo ndi manzere, musiyeni alembe. Manzere si matenda.

Mbiri yawo ili ndi mbali yonyansanso. Amuna ena a ku Gibeya adagwirira mkazi wa mlendo usiku wonse mpaka adafa. Mafuko ena adapempha kuti olakwawo aperekedwe. Abenjamini adakana, ati ndi abale athu. Kubisa abale olakwa kumeneku kudabutsa nkhondo yoopsa, ndipo fuko lonse lidatsala pang'ono kutheratu. Adapulumuka amuna 600 okha, amene adabisala ku thanthwe la Rimoni miyezi inayi.

Kuchokera mwa otsalawo fuko lidaphukanso. Sauli mwana wa Kisi, mfumu yoyamba ya Israeli, zaka zoposa pang'ono 1,000 Yesu asanabadwe, adali Mbenjamini. Mneneri Samueli atamuuza za ufumu, iye adadabwa, nanena kuti fuko lake ndi lochepetsetsa mwa onse. Ufumu utagawika pambuyo pa Solomoni, Benjamini adatsalira pamodzi ndi Yuda. Moredekai, amene adalera mfumukazi Estere, adali wa fuko limeneli. Ndipo patapita zaka mazanamazana, Paulo mtumwi, polembera Aroma ndi Afilipi, adadzitchula kuti ndi wa fuko la Benjamini. Dzina lake lina lidali Saulo, dzina la mfumu ija. Munthu wobadwira kutali ku Tariso, koma mfunda wake adausunga, monga achitira a Phiri ndi a Banda obadwira ku Harare kapena ku Johannesburg.

M'mene dzinali lidafikira kuno

Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902. Kuyambira pamenepo mayina a m'Baibulo ndi a anthu oyera adayamba kulowa m'midzi kudzera mu ubatizo. Pa mwambo wa Chikatolika alipo Benjamini Woyera, dikoni wa ku Persia amene adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake zaka za m'ma 420. Tsiku lomukumbukira ndi 31 Malichi. Asilamu nawonso amamudziwa mng'ono wake wa Yusufu, ndipo amamutchula kuti Binyamin.

Ambiri mwa ansembe oyamba aja ankayankhula Chifalansa. M'chinenero chimenecho liwu loti *benjamin* lidasanduka liwu wamba lotanthauza mzime. Mwana wotsiriza m'banja lililonse amati ndi *benjamin* wa banjalo, ngakhale dzina lake likhale Petulo. Mayinatu amayenda uku ndi uku. Ife tidalandira a Chihebri, pamene Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni pa Mua m'chaka cha 1976, adalandira mfunda wathu wa Chisale.

Dzinali lafika patali. Benjamin Mkapa adali pulezidenti wa Tanzania kuyambira 1995 mpaka 2005. Ndipo amene adaonako ndalama ya ku America ya madola 100, nkhope ili pamenepo ndi ya Benjamin Franklin.

Makolo ena amatcha mwana Benjamini chifukwa ndi mzime. Ena amatcha chifukwa agogo ake adali a Benjamini. Ena amangolikonda kamvekedwe. Zonsezi n'zabwino. Koma loyenera kwambiri dzinali ndi khanda lobadwa pa nthawi ya misozi, limene abale afuna kuti likule losasenza misoziyo.

Polemba dzinali

Ahebri eni ake amati Binyamin, ndi *y*. Aswahili amati Benyamini. Mayina ena a Chihebri tidawasunga ndi *y* yemweyo: Yakobo, Yosefe, Yuda, Yohane, pamene Angerezi amati Jacob, Joseph, Judah, John. Koma pa Benjamini tidatsata *j*. Umu ndi m'mene lidalembedwera mu Buku Lopatulika, Baibulo la Chinyanja limene lidatuluka m'chaka cha 1922.

Pa Chichewa timalemba Benjamini, ndi *i* kumapeto, chifukwa mawu athu amathera ndi lembo la liwu: a, e, i, o, u. Pa Chingerezi amalemba Benjamin. Onse awiri ndi okhoza. Vuto limabwera munthu mmodzi akakhala ndi malembedwe atatu: pa khadi la kusikelo Benjamini, pa kalata ya ubatizo Benjamin, m'kaundula wa kusukulu Benjamani. Chiyambire kalembera wa zitupa za unzika m'chaka cha 2017, lemba limodzi losiyana lingathe kukubwezani ku banki kapena kumsokoneza mwana pa mayeso. Sankhani kalembedwe kamodzi. Kalaliki akalemba, mupemphe kuona pepalalo, muwerenge nokha lemba ndi lemba musanasaine. Ndipo ngati mufuna kumpatsa mwana dzina lina m'malo mwa loyamba, chitani zimenezi asanalembetse Sitandade 1, chifukwa dzina likalowa m'mabuku a boma kusintha kwake kumafuna maulendo.

Zoti muchite

1. Lembani m'kope mwanu mawu awa, ndipo muwadule m'maphatikizo: Benoni, Benjamini, dzanja, lamanja, lamanzere, mzime.

2. Mutaima pa Golomoti n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, kodi Mua ali kudzanja liti?

3. Lembani mayina a ana anu kapena a adzukulu anu. Pambali pa dzina lililonse lembani amene adamutcha ndi chifukwa chake. Ngati mwaiwala, kafunseni agogo.

4. Kambiranani m'magulu, amayi ndi abambo pamodzi: mayi watcha mwana dzina ali pafupi kumwalira. Kodi pa mwambo wa m'mudzi mwanu, ndani angathe kulisintha?